Mwini Chithunzi Ndani?

Boma la Rumphi ndi dziko la mapiri. Kumpoto kuli Nyika, kumadzulo kuli chigwa cha Nkhamanga, pakati pali chigwa cha Henga, ndipo kum'mawa nthaka itsetsereka msangamsanga kufikira kunyanja. Mtsinje wa Rukuru wa kumwera upyola pa mpata wa Njakwa, nukathira m'nyanja cha ku Mlowe. Anthu a kugombe amanga nyumba zawo pa kamtunda kopapatiza, phiri kumbuyo, madzi kutsogolo. Mvula ikagwa bwino, dziko ili lidyetsa eni ake. Koma ikapyola muyeso, phiri lomwe lija limene litchinjiriza mudzi ku mphepo ndilo litsikira anthu ali m'tulo.

Zotere zachitika kangapo. M'chaka cha 2003 nthaka inagumuka m'malo ambiri ku Ntchenachena ndi ku Chiweta, ndi kuwononga minda ndi nyumba. M'mwezi wa January 2015, pamene kunalengezedwa kuti maboma 15 a m'Malawi ali pa ngozi ya madzi osefukira, Rumphi linali limodzi mwa mabomawo. M'mwezi wa April 2019 miyala ndi matope zinatsika kuchokera ku mapiri a Mphompha ndi kugwera mudzi wa m'mphepete mwa nyanja; anthu ena anafa, ena anasowa. Madzi saiwala khwawa, ndipo akatswiri a zanyengo anena kuti popeza dziko lapansi lili kutenthera, mpweya usenza chinyezi chambiri kuposa kale, kotero kuti mvula yamphamvu idzachulukirabe.

Tsono madzi akaphwa pafika alendo. Afika a boma kudzalemba maina, afika a mipingo ndi ufa, afika a mabungwe ndi mahema ndi zofunda. Pakati pa alendowo sipalephera kukhala munthu wonyamula kamera. Iye sanatenge ufa, sanatenge hema. Chimene wadzera ndicho nkhope za anthu amene athawa madzi. Pamenepo pali funso lofunika kuliganizira mofatsa: kodi ndi chinthu choyenera kujambula munthu pa tsiku la tsoka lake? Ndipo chithunzicho chikajambulidwa, mwini wake ndani?

Mawu a chinenero aphunzitsa kanthu pa nkhani iyi. Akuluakulu ankati chithunzithunzi, ndipo liwu lomwelo litanthauzanso mthunzi wa munthu, uja umtsata poyenda padzuwa. Chithunzithunzi cha munthu sichimsiya mwini wake. Akakhala pansi nacho chikhala, akanyamuka nacho chinyamuka. Koma kamera ichita chimene dzuwa silingathe: ichotsa chithunzithunzi kwa mwini wake, nichipititsa kutali kumene iye sadzafikako. Palinso liwu lina. Anthu amati wojambula watola chithunzi. Nanga munthu amatola chiyani? Amatola masuku ogwa okha m'tchire, amatola ndalama yotayika pamsewu, amatola chinthu chimene chioneka ngati chilibe mwini. Nkhope ya munthu siili choncho. Ili ndi mwini, ndipo mwiniyo ali pomwepo, ali kuyang'ana.

Anthu a kumudzi sadana ndi kujambulidwa, iai. Zaka zambiri wojambula wa panjinga anali munthu wokondedwa m'midzi ya ku Bolero, ku Mhuju ndi kwina konse. Akamveka kuti afika Loweruka, mayi ankasamba, nadzola mafuta, navala chitenje chosungira ku tchalitchi. Bambo ankabwereka jekete kwa mlamu wake. Ana ankawapesa, nawaimika patsogolo. Wina ankanyamula wailesi, wina ankagwira njinga, kuti odzaona adziwe kuti pakhomo pano sipagona umphawi. Munthu ankasankha yekha tsiku, malo ndi chovala, nalipira ndalama yake, ndipo patapita sabata chithunzi chinkabwera m'manja mwake. Chithunzi chotere chinali mawu a mwini wake, onena kuti, "Umu ndimo ndifuna kukumbukiridwa."

Madzi akalowa m'nyumba, zithunzi zimenezi ndizo ziyamba kuwonongeka. Mbale itsukika, khasu lifukulika m'matope, koma pepala likanyowa nkhope isungunuka. Chithunzi cha ukwati chipita, cha malemu agogo chipita, ngakhale chiphaso cha unzika, chija anthu anajambulitsa m'kaundula wa chaka cha 2017, nacho chikhoza kupita ndi madzi. Chomwecho wojambula wachilendo apeza munthu amene zithunzi zake zonse zodzisankhira zatayika, namjambula chithunzi chimodzi chimene sanachisankhe. Mayi ali ndi chitenje chomwe anathawa nacho usiku, tsitsi losapesa, maso otupa ndi kulira. Chithunzi ichi ndicho chidzayenda m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo mwina ndicho chokha chidzatsala cha iye pa dziko lapansi.

Wina akamva izi angathamangire kunena kuti kujambula anthu ovutika kuleke. Koma mlandu sugamulidwa utamveka mbali imodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tsoka losaoneka silipeza wothandiza. Midzi ina ya kugombe la Rumphi ifikika bwino ndi bwato lokha. Munthu wa ku Lilongwe sangadziwe zimene zachitika kumeneko ngati palibe womuonetsa. Pamene namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kumwera m'mwezi wa March 2023, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Chiwerengero chotere mutu suchigwira. Munthu achimva pa wailesi, napukusa mutu, napitiriza kudya nsima. Koma akaona nkhope imodzi ya mayi wofanana ndi mayi wake, dzanja liima. Zithunzi zinathandiza kuti anthu a m'mizinda ndi a m'maiko akunja asonkhe zovala ndi chakudya. Ndiponso chithunzi ndi mboni. Wolamulira akafuna kuchepetsa nkhani, kapena akaiwala lonjezo lake lomangira anthu nyumba, chithunzi chimtsutsa popanda kukweza mawu.

Pali nkhani ya ku America imene ionetsa mbali zonse ziwiri pamodzi. M'mwezi wa March 1936, pa nthawi ya umphawi waukulu m'dzikomo, mayi wina wojambula, dzina lake Dorothea Lange, amene ankagwira ntchito ya boma, anafika pa msasa wa anthu aganyu pa malo otchedwa Nipomo ku California. Mbewu zimene anthuwo anadzera kudzathyola zinali zitawonongeka ndi mvula yozizira, ndipo panali njala. Lange anaona mayi wa zaka 32 atakhala m'kahema ndi ana ake, namjambula kangapo, nachoka patapita mphindi zochepa. Iye mwini analemba pambuyo pake kuti sanafunse dzina la mayiyo. Zithunzi zitatuluka m'nyuzipepala, boma linatumiza chakudya chambiri ku msasawo, ndipo anthu anapulumuka ku njala. Koma mayi uja ndi ana ake anali atachokapo kale.

Chimodzi mwa zithunzizo chinatchuka pa dziko lonse. Chinasindikizidwa m'mabuku, chinapachikidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu, ndipo kwa zaka zoposa 40 anthu ankachiona osadziwa kuti mayiyo ndani. M'chaka cha 1978 mtolankhani wina anampeza. Dzina lake linali Florence Owens Thompson. Iye anadandaula kuti chithunzicho sichinampindulire kanthu, ndi kuti sanafunsidwe ndi dzina lomwe. Analera ana ake ndi thukuta lake, m'minda ndi m'ntchito zina zolemetsa, koma dziko linamdziwa ndi nkhope ya tsiku limodzi loipa. Komabe nkhani siithera pamenepo. M'chaka cha 1983 anadwala kwambiri, ana ake napempha thandizo, ndipo anthu ambirimbiri amene chithunzi chija chinawakhudza mtima anatumiza ndalama ndi makalata. Anamwalira chaka chomwecho. Nanga Lange anachita bwino kapena anachimwa? Anadyetsa msasa wonse, ndipo anasiya ngongole kwa mayi mmodzi, ngongole imene anthu ena anadzaibweza mochedwa, wojambulayo atamwalira kale.

Ojambula ambiri lero anena kuti iwo amapempha chilolezo. Ichi ndi chabwino, koma chiyenera kuyang'anitsitsidwa. Wowerenga ayerekeze mayi wina wamasiye amene wagona masiku anayi m'chipinda cha sukulu, pamodzi ndi mabanja ena khumi. M'mawa ifika galimoto yoyera yonyamula ufa, ndipo m'galimoto momwemo mutsika mnyamata wa kamera. Amfikira mwaulemu ndithu, nati, "Monire mama. Pepani ndi zovutazi. Kodi mungalole kuti ndikujambuleni?" Mayi ayang'ana kamera, ayang'ananso matumba a ufa amene sanayambe kugawidwa. Ayankha kuti, "Jambulani, bambo." Mnyamata uja apita wokondwa kuti wapatsidwa chilolezo. Koma kodi mayiyu akanatha kukana? M'mtima mwake aopa kuti akakana dzina lake lidumphidwa pa mndandanda. Mwina mantha akewo ndi opanda pake, pakuti wojambulayo alibe ulamuliro pa ufa. Koma mayi sadziwa zimenezo, ndipo palibe amene wamuuza. Inde wa munthu wanjala, woyankhidwa pafupi ndi thumba la ufa, ndi inde wopepuka kwambiri.

Chifukwa chake chilolezo chenicheni chifuna zambiri kuposa funso limodzi. Munthu auzidwe poyera, m'chinenero chake, kuti ufa alandira ngakhale akane. Ku Rumphi chinenerocho ndi Chitumbuka, ndipo wojambula wosachidziwa afune womasulira amene sali wogawa chakudya. Auzidwenso kumene chithunzi chidzapita. Nkhalamba ikamva za chithunzi iganiza za pepala lokhala m'chikwama cha munthu mmodzi. Siidziwa kuti nkhope yake idzaoneka ku Mzuzu, ku Johannesburg ndi ku London tsiku lomwelo, ndi kuti chimene chalowa pa intaneti sichibwezeka. Munthu wovomera chimene sachidziwa sanavomere kanthu.

Palinso chinyengo china chimene chichitika mwakachetechete. Wojambula afuna chithunzi chomvetsa chisoni, tsono apeza mayi atasamba, atavala chitenje chatsopano chimene wapatsidwa, ali kuseka ndi anzake pophika. Amuuza kuti, "Mayi, tavulani nsapatozo, mukhale apa pa matope, musaseke." Chithunzi chotuluka pamenepo ndi bodza, ngakhale nyumba ya mayiyo inagwadi. Ndi bodza pakuti chibisa chinthu chachikulu koposa pa msasa, ndicho chakuti anthu ogwa m'tsoka sakhala manja lende. Amafukula anzawo m'matope alendo asanafike, amagawana kaufa kotsala, amasema mitengo ya nyumba zatsopano. Zithunzi zoonetsa Amalawi ali kulira ndi kutambasula manja basi ziphunzitsa anthu akunja kuti kuno kuli opemphapempha okhaokha. Choipa koposa, ana a kuno nawo aziona, nayamba kukhulupirira.

Alipo ojambula amene ayesa njira ina. Gideon Mendel, wobadwira ku South Africa, anayamba m'chaka cha 2007 kujambula anthu a m'madzi osefukira, poyamba ku England ndi ku India, pambuyo pake ku Haiti, ku Pakistan, ku Nigeria, ku Brazil, ku America ndi kwina. Ntchitoyo anaitcha Drowning World. Iye sajambula mobisalira. Agwirizana ndi munthu, nalowa naye m'madzi, ndipo munthuyo aimirira pakhomo pake kapena m'nyumba mwake, madzi ali m'chiuno kapena m'chifuwa, nayang'ana kamera maso ndi maso. Woona chithunzi chotere amva ngati iyenso ali kuyang'anidwa. Ndipo popeza zithunzi za Mzungu wa ku England ndi za mlimi wa ku Nigeria ziikidwa pamodzi, onse atanyowa mofanana, wooona azindikira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mendel anatolanso zithunzi za mabanja zimene madzi anaziwononga, naziwonetsa monga momwe zinalili, nkhope zitasungunuka. Mngelezi wina, Nick Brandt, anajambula ku Kenya ndi ku Zimbabwe m'chaka cha 2020 anthu amene anataya nyumba kapena minda chifukwa cha namondwe, madzi ndi chilala, nawaimika pafupi ndi nyama zakutchire zopulumutsidwa.

Njira izi ziposa kujambula kothamanga, pakuti zipatsa munthu mpata woimirira monga mwini nkhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe funso silinathe. Zithunzi zokongola zotere zikapachikidwa m'nyumba zikuluzikulu za ku Ulaya, wotchuka ndi wojambula, ndipo oziona abwerera kwawo kukagona pouma. Kukongola kwa chithunzi kungathe kugonetsa mtima m'malo moudzutsa. Munthu angayamikire mmene kuwala kwagwera pa madzi, naiwala kuti m'madzimo muli chimanga cha chaka chonse.

Asaganize wowerenga kuti mlandu uwu ndi wa alendo okha. Lero kamera ili m'thumba la mnyamata aliyense amene ali ndi foni. Phiri likagumuka, ena athamanga ndi makasu, ena athamanga ndi mafoni. Mtembo usanafundidwe nsalu, chithunzi chake chili kale pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mwana amene ali pa ntchito ku Johannesburg atsekula foni yake nthawi ya chakudya, napeza nkhope ya mayi wake ili m'matope. Mwambo wa makolo unali wakuti uthenga wa maliro upite ndi munthu wamkulu, wodziwa kukhazika wofedwa pansi asanamuuze. Wotumiza chithunzi chotere sanalipidwe ndi nyuzipepala iliyonse, ndipo sanathandize wina aliyense. Wangofuna kuti adziwike kuti ndiye anayamba kuona.

Malamulo a dziko sali chete. Gawo 19 la malamulo aakulu a Malawi, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, linena kuti ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa, ndipo gawo 21 liteteza zachinsinsi za munthu. Koma mayi wogona m'chipinda cha sukulu sangapite ku khoti chifukwa cha chithunzi. Chomtchinjiriza chenicheni ndi khalidwe la wonyamula kamera, ndipo khalidwelo silisowa kukaliphunzira kutali, pakuti lili kale m'mwambo wa pamaliro. Munthu wofika pa siwa safikira kufunsa mafunso. Avula chipewa, akhala pansi, akhala chete kanthawi, napereka chipepeso chake kudzera kwa oyenera. Sayang'anitsa wofedwa kumaso. Sasuzumira kuchipinda kumene amayi ali kusambitsa thupi. Msasa wa anthu othawa madzi ndi siwa yaikulu, ngakhale pamene sipanafe munthu, pakuti aliyense pamenepo ali kulira nyumba, munda ndi mbuzi zake. Wojambula wolowa pa msasa monga alowera pa siwa adzadziwa yekha nthawi yotsitsa kamera. Adzadziwa kuti mayi wosavala mokwanira sajambulidwa, kuti mwana sajambulidwa popanda kholo lake, ndi kuti dzina la munthu lifunsidwa ndi kulembedwa bwino ngati mwini afuna, kapena kubisidwa ngati mwini aopa.

Nanga mwini chithunzi ndani? Wojambula ali ndi gawo lake, pakuti luso ndi lake, ulendo ndi wake, ndipo wantchito ayenera malipiro ake. Anthu a m'dziko nawo ali ndi gawo, pakuti ayenera kudziwa zogwera abale awo. Koma gawo lalikulu ndi la mwini nkhope, ndipo iye ndiye kawirikawiri atsala wopanda kanthu. Wojambula sanatole, wabwereka, ndipo chobwereka chimabwezedwa. Pali muyeso umodzi wosavuta umene wojambula aliyense angadziyese nawo: kodi angathe kubwerera kumudzi kuja, kukhala pa mphasa ya mayi uja, ndi kumpatsa chithunzicho m'manja pamaso pa ana ake, osachita manyazi? Ngati sangathe, chithunzicho chili ndi chilema, ngakhale chitapambana mphotho ku Ulaya.

Kubwerera kumeneku ndi kovuta, ndipo n'chifukwa chake ochita ndi ochepa. Nkhani ya madzi ikazizira, akulu a nyuzipepala salipiranso ulendo wa ku Rumphi. Msewu wotsika ku Chiweta ndi wokhotakhota, ndipo kufika ku midzi ya kugombe kufuna tsiku lathunthu. Ndiponso anthu a pa msasa amabalalika. Ena apita kwa abale ku Henga, ena amanga pamtunda, ena abwerera pansi pa phiri lomwe lija chifukwa alibe malo ena. Wojambula amene sanalembe dzina sangampeze munthu wake. Koma amene analemba dzina ndi mudzi afunsa kwa a mfumu, ndipo mwana amperekeza.

Akampeza mayi uja, mwezi wa June kapena July, dzinja litapita, sadziwa chimene chidzachitika. Mwina mayi adzalandira pepalalo ndi manja awiri, naliyang'ana nthawi yaitali osalankhula, nalisunga pansi pa zovala m'sutikesi, kuti adzukulu adzaone chaka chimene phiri linatsika. Mwina adzalibweza, nati safuna kuonanso tsiku limenelo, ndipo pamenepo wojambula ayenera kumva ndi kuleka kulifalitsa kumene angathe. Mwinanso adzaseka, naitana anzake kuti adzaone mmene anaonekera ngati wamisala. Ndipo kawirikawiri, mlendo akati atsanzike, mayi adzati, "Bambo, musapite msanga. Dikirani ndisambe, ndiitane ana. Mutijambule china pakhomo pa nyumba yatsopanoyi."